Tinkapopera Misika Mawindo Ali Chitsekere

Juni akangolowa, chiperoni n'kuyamba kuwaza, mawindo a minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre amatsekedwa onse. M'katimo anthu athinana, kondakitala wawerama pakhomo ndalama zili m'zala, kumpando wakumbuyo bambo wina akutsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni, ndipo magalasi achita nthunzi moti kunja sikukuoneka. Tayesani kukankha galasi pang'ono kuti kalowe kampweya. Simupita patali musanamve mawu kumbuyo kwanu: "Achimwene, tatsekani windolo, mutidwalitsa chimfine." Minibasi yonse imavomereza, ndipo wotsegulayo amatseka mwamanyazi.

Munthu ameneyu sanalakwe. Mwa onse ali m'galimotomo, iye yekha ndiye wachita chinthu choteteza anzake. Mphepo yozizira siyambitsa chimfine. Chimfine, fuluwenza ndi Covid-19 zimabwera ndi tizirombo tochokera m'mphuno, kukhosi ndi m'mapapo mwa munthu wina, ndipo njira yake yaikulu ndi mpweya umene iye watulutsa inu n'kuukokera m'chifuwa. Chimodzi mwa zifukwa zimene matendawa amachulukira m'miyezi yozizira n'chakuti ndi nthawi imene timadzitsekera m'zipinda n'kumapumirana. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa dziko lino linaika m'manda anthu oposa 2,600 amene anawerengedwa kuti anafa ndi Covid-19, osawerengera amene anafera m'midzi osayezedwa, koma phunziro lalikulu la mliriwo silinatilowe. Pamene bungwe la WHO linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ife n'kuti titataya kale masiki, ndowa za pakhomo zitabwerera kukhitchini.

Aliyense amene anaphikapo ndi nkhuni zaziwisi m'khitchini yopanda zenera akudziwa kale mmene zimakhalira. Utsi suthera pamafuwa. Umadzaza chipinda chonse mpaka pangodya, ndipo ukakhalitsamo maso amafiira ngakhale utakhala kutali ndi moto. Ukatsegula chitseko ndi zenera, umatuluka. Mpweya wa munthu wodwala umachita zomwezo, kungoti suoneka ndipo sutsamwitsa. Akamapuma, akamalankhula, makamaka akamaimba kapena kufuula, amatulutsa timadontho ting'onoting'ono totha kuyandama m'chipinda kwa nthawi ndithu. N'chifukwa chake pa mliri uliwonse wa m'mapapo munthu asanalowe pamalo ayenera kudzifunsa kuti muli anthu angati, akhalamo nthawi yaitali bwanji, nanga mpweya ukutulukira pati.

Pa 10 Malichi 2020, ku Skagit m'chigawo cha Washington ku America, kwaya ina inakumana kuti iphunzire nyimbo. Anafika anthu 61, mmodzi wa iwo ali ndi zizindikiro zonga za chimfine. Anakhala limodzi maola awiri ndi theka. Patapita masiku, odwala anakwana 53, ndipo awiri anamwalira. Zochitika zoterezi ndi zimene zinachititsa akatswiri 239 kulemba kalata mu Julayi 2020 yopempha WHO kuti ivomereze zoti kachiromboka kamayenda mumpweya. Bungwelo linachedwa kunena zimenezi mosabisa, ndipo kuchedwa kwakeko kunatipweteka ife amene tinkangotsatira zonenedwa ku likulu lake ku Geneva. Komabe ife Amalawi tinalibe chifukwa chodikirira wina. Chifuwa chachikulu cha TB takhala nacho kuyambira kalekale, ndipo namwino aliyense wogwira ntchito kuwodi ya TB angakuuzeni chifukwa chimene mawindo a kumeneko amakhalira otsegula.

Nanga ife tinkachita chiyani? Tinkapopera. Tinapopera mankhwala m'misika, m'madepoti ndi m'maofesi, pamene WHO inali itachenjeza kale mu Meyi 2020 kuti kupopera misewu ndi misika sikuthandiza, ndipo kupopera anthu n'koopsa. Pakhomo pa banki ndi pa sitolo tinaimika mlonda ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kumaloza pamphumi kapena padzanja pa aliyense wolowa. Chonsecho munthu wa Covid-19 amatha kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kumva kalikonse m'thupi, ndipo ena satentha thupi n'komwe. Akadutsa pa mlondayo ankakalowa m'chipinda chotsekedwa mbali zonse, n'kuima pamzere ola lathunthu, masiki ili pachibwano. Zinthu zimenezi tinazikonda chifukwa zimaoneka ndi maso ndiponso zimadyetsa. Pa kupopera pali mankhwala oti agulidwe, mafuta a galimoto, maovolosi ndi alawansi. Pa kutsegula zenera palibe amene amadyapo, ndiye panalibe woti akulimbikire.

Musandimve molakwa pa nkhani ya kusamba m'manja. Sopo ndi wofunika. Munthu akayetsemulira m'dzanja n'kukupatsani moni, inu n'kudzitikita m'maso kapena m'mphuno, kachirombo kadutsa. Kusamba kwenikweni n'kwa sopo, masekondi osachepera 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, ndipo poyetsemula ndi bwino kubisa nkhope mkati mwa chigongono. Chimene chimandinyansa ndi ndowa ya madzi okhaokha pakhomo pa ofesi, sopo atatha mwezi wapitawo, ndiponso beseni limodzi lozungulira banja lonse nsima ili patebulo, bambo kuyamba, mwana wamng'ono kumalizira m'madzi oti asanduka phala. Kuthirirana madzi ndi jagi sikulira ndalama. Ndowa ndi mipondagiya tinazichotsa mofulumira Covid-19 itangozizira, ndipo kolera amene anayambira ku Machinga mu 2022 anatipeza manja ali osasamba, n'kupha anthu oposa 1,700. Sopo akhale pamalo pake. Ndikungokana zoti munthu wasamba m'manja ndiye kuti watha, pamene akukakhala maola atatu m'chipinda chosalowa mpweya.

Za minibasi n'zosavuta kukonza, ngati eni ake ndi a Road Traffic atafuna. Nthawi ya Covid-19 boma linachepetsa chiwerengero cha okwera, mitengo inakwera, ndipo anthu anadandaula ndi chifukwa chomveka. Lamulo loti zenera limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo zikhale zotsegula silichotsera dalaivala ngakhale kwacha imodzi. Minibasi zambiri zili ndi magalasi oti anafa kalekale, ena anamatidwa, pena anaikapo pulasitiki. Galimoto yonyamula anthu imene mawindo ake satseguka isamapatsidwe chiphaso choyendera pamsewu, monga mmene amakanizira ya mabuleki akufa. Wodandaula kuzizira avale juzi. Kuzizidwa mphindi 20 kuchoka ku Limbe kukafika m'tauni n'kopiririka kusiyana ndi kukapatsira agogo kunyumba chifuwa choti chiwagoneka mwezi.

Pamene pali povuta kwenikweni ndi pamaliro, ndipo apa ndilankhula mosamala chifukwa maliro ndi amene amatisonyeza kuti ndife anthu. Taonani mmene timagonera pasiwa. Abambo ali panja, azungulira moto, mphepo ikuwomba. Amayi ali m'nyumba, athinana pamikeka mpaka kusowa poponda, chitseko chatsekedwa chifukwa cha chisanu, mawindo aphimbidwa ndi nsalu, ndipo akuimba kuchokera madzulo mpaka tambala woyamba. Ambiri mwa iwo ndi achikulire, ena a BP, ena a shuga, omwe ndi anthu amene matenda a m'mapapo amawagwetsa msanga. Ngati womwalirayo wafa ndi chifuwa chopatsirana, amene ankamudwazika ali m'chipinda chomwecho, akulira ndi kukumbatiridwa ndi aliyense wolowa. Kwaya ya ku Skagit inakhala maola awiri ndi theka. Amayi athu amakhala usiku wonse, nthawi zina usiku uwiri.

Mu Ogasiti 2020 boma linalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu 50. Kumudzi ndani angaime panjira n'kumabweza anthu obwera kudzalira m'bale wawo? Lamulolo linalephera chifukwa linkawerenga mitu m'malo moyang'ana pamene anthuwo akhala. Anthu 200 pansi pa mtengo wa mango ali pabwino kuposa anthu 30 m'chipinda chotseka. Zimene ndikupempha sizifuna nduna kapena Nyumba ya Malamulo. Zifuna nyakwawa, akulu a mpingo, mashehe, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika agwirizane kuti ikamveka mbiri ya mliri, nyimbo ziziimbidwira panja kapena m'tenti yotsegula m'mbali, m'nyumba muzitsala achibale ochepa, mawindo ali otsegula, ndipo amayi nawonso aziwasonkhera moto pabwalo. Chachikulu koposa n'chakuti mfumu inene ndi pakamwa pake, pagulu, kuti amene akutsokomola kapena kutentha thupi atumize chipepeso, ufa kapena nkhuni, iye atsale kunyumba, ndipo palibe amene amunene. Tonse tikudziwa chimene chimadzutsa munthu wodwala pamphasa kupita kumaliro. Ndi mantha oti adzamutcha wodzikonda, ndipo tsiku limene zidzamugwere adzukulu adzakana kukumba. Mantha amenewo sangachotsedwe ndi chikwangwani cha Unduna wa Zaumoyo. Ingawachotse ndi mfumu yokha.

Kukhala kunyumba ukadwala ndi njira yamphamvu kwambiri yodulira mliri, komanso ndi imene dziko lino linaikana kotheratu. Pa 14 Epulo 2020 boma la Peter Mutharika linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anakwiya n'kulowa m'misewu, ndipo pa 17 Epulo Justice Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula kukhoti. Ine ndimaona kuti mavendawo ananena zoona. Sungatsekere m'nyumba munthu amene chakudya cha madzulo chimachokera pa tomato amene wagulitsa masana, iwe osamupatsa kanthu. Cholakwika n'chakuti pambuyo pake tinangoganiza kuti nkhani yokhala kunyumba yatha, si ya kuno. Pakati pa kutsekera dziko lonse ndi kusatsekera aliyense pali njira ina: wodwala yekhayo apume masiku angapo oyambirira, pamene kachirombo kamatuluka kambiri.

Apa ndiye mabwana ayankhe. Lamulo la ntchito la Employment Act limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka tchuthi chodwala cha milungu inayi akulandira malipiro onse, ndi milungu ina isanu ndi itatu akulandira theka, akabweretsa kalata ya chipatala. Ndi alonda angati, antchito a m'nyumba angati, atsikana angati ogulitsa m'mashopu amene anamvapo za ufulu umenewu? Amene ndimawadziwa ine amadziwa chinthu chimodzi, kuti ukajomba akudula tsiku, ukajombanso upeza wina ali pamalo pako. Ndiye amamwa panado m'mawa n'kubwera. Mayi amene mukukana kumupatsa masiku atatu opuma ndi yemweyo amene akubereka mwana wanu kumsana ndi kukuphikirani ndiwo. Ngakhale mutakhala opanda chisoni, dziganizireni nokha. Nayonso kalata ya chipatala, nthawi ya mliri, iyenera kupepukitsidwa. Kukakamiza munthu wa chimfine kukwera minibasi ziwiri ndi kukaima pamzere wa odwala kuti akatenge kapepala n'kumutuma kukafalitsa matenda. Akaimba foni, mukhulupirireni. Kusukulu n'chimodzimodzi: mwana wotentha thupi asamakwapulidwe kapena kulalatiridwa chifukwa chojomba, m'kalasi mmene nthawi zina mumakhala ana oposa 100.

Alipo amene sangathe kukhala kunyumba ngakhale tsiku limodzi: wa ganyu, wa kabaza, mayi wa geni. Kwa iwo masiki ndiyo yotsala, ndipo tiyenera kusintha mmene timaionera. Tinaiphunzira ngati chinthu chovalira apolisi ndi chindapusa cha K10,000, n'chifukwa chake inkakhala m'thumba mpaka munthu aone yunifolomu. Masiki imagwira ntchito kwambiri ikakhala pankhope ya wodwalayo, chifukwa imagwira timadontho tija tisanamwazike. Iyenera kuphimba mphuno ndi pakamwa, yosasiya mipata m'masaya. Ya kuchipatala imaposa yansalu, ndipo kafukufuku wamkulu amene anachitika m'midzi 600 ya ku Bangladesh anapeza kuti masiki za kuchipatala zinachepetsa matenda, makamaka pakati pa okalamba. Yachitenje yosanjikiza kawiri kapena katatu ndi yabwino kusiyana ndi kukhala chabe. Vuto lathu ndi pakamwa. Munthu akavala masiki lero timamuyang'ana kawiri, ena n'kumanong'ona kuti kaya ndi TB. Munthu wotsokomola amene wadziphimba asanalowe m'tchalitchi wakulemekezani, ndipo ayenera kuthokozedwa.

Ndikudziwa chifukwa chake anthu ambiri amangoti "za boma izo" akamva malangizo. Anaona andale a mbali zonse akusonkhanitsa makamu pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni 2020, pamene sukulu zinali zotseka kuyambira mu Malichi. Ambiri anadzidzimuka pa 12 Januwale 2021, tsiku limene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kulengeza kuti dziko lili pangozi. M'masabata amenewo okosijeni anasowa m'zipatala, mpaka nzika wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani, zinayamba kusonkha ndalama zogulira zipangizo. Kenaka tinamva mmene K6.2 biliyoni ya Covid-19 inayendera, gawo lake likuthera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Mu Meyi 2021 katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 anawotchedwa ku Lilongwe atapitirira masiku ake, pamene mphekesera za pa WhatsApp zinali zitaopseza anthu kukabayitsa. Mkwiyo wa anthu ndi womveka, ndipo ine ndili nawo. Koma kachirombo sikafunsa kuti ndalama anadya ndani. Ukakana kudziteteza pofuna kulanga boma, wolangika ndi mayi ako. Katemera anachepetsa kwambiri kudwala modetsa nkhawa ndi imfa, ndipo akadzapezekanso pa mliri wina, okalamba ndi odwala matenda a mgonagona ayenera kukhala patsogolo pa mzere, ife ana awo titawaperekeza.

Kunyumba nako tilankhule zoona. Malangizo oti wodwala akhale m'chipinda chayekha ndi bafa yakeyake analembedwera anthu a ku Area 10 ndi ku Namiwawa. Ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi banja la anthu asanu ndi mmodzi limagona zipinda ziwiri, mwinanso chimodzi. Komabe zilipo zotheka. Masana wodwala akhale pakhonde kapena pamthunzi, m'nyumba mupite mphepo, zitseko zili zotsegula. Womusamalira akhale mmodzi, ndipo asakhale agogo kapena mayi woyembekezera. Ngati pali woti akagone kwa achibale masiku amenewo, akhale wokalambayo. Usiku anthu amaopa akuba ndi udzudzu, ndipo mantha amenewo ndi oona, koma neti ilipo, ndipo timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa khoma, timene ambiri timatseka ndi mapepala kapena masanza, titsegulidwe. Obwera kudzazonda matenda acheze panja. Mwambo wodzaza m'chipinda cha wodwala, kupemphera mokweza ndi kumugwira dzanja aliyense, uyambe wadikira mliri udutse.

Chinanso n'chakuti tileke kuthamangira ku golosale kukagula amoxicillin kapena Bactrim munthu akangoyetsemula. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, sagwira kachirombo ka chimfine kapena ka Covid-19, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumawafooketsa, moti tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni adzapezeka sakugwiranso ntchito. Mandimu, jinja ndi uchi zimafewetsa kukhosi, imwani. Kufukiza masamba a bulugama kumatsegula mphuno kwa kanthawi, koma sikupha kachirombo kamene kali m'thupi, ndipo mphika wa madzi owira pansi pa bulangete ungathe kuwotcha mwana koopsa. Choopsa kwambiri ndi kuchedwa nazo zimenezi pamene munthu wayamba kubanika. Wodwala akamalephera kumaliza chiganizo osapumira, akamamva kupweteka pachifuwa, akasokonezeka mutu, kapena mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Ndipo kuno kwathu kutentha thupi kulikonse n'koyenera kuyezetsa malungo, chifukwa mliri ukabwera malungo sapita patchuthi.

Akafika kuchipatalako, asakapeze zimene timaziona masiku onse: benchi imodzi m'kakhonde kamdima, mayi wa khanda la milungu iwiri atakhala phewa ndi phewa ndi bambo wotsokomola, onse akudikira dokotala mmodzi kuyambira m'mawa. Unduna wa Zaumoyo ungayambe mawa, popanda thandizo la kunja, kuika munthu pakhomo wofunsa aliyense ngati akutsokomola, kumupatsa masiki, kumukhazika pamalo podutsa mphepo, ndi kumuonetsa kwa dokotala msanga kuti asakhalitse pakati pa anzake. Unduna wa Maphunziro nawo uyendere makalasi amene mawindo ake anatsekedwa ndi njerwa kapena malata poopa akuba, ulamule kuti atsegulidwe n'kuikamo zitsulo, ndipo pulani ya kalasi yatsopano iliyonse isamavomerezedwe ngati ilibe mawindo oyang'anizana mbali ziwiri.